Asilikali Oyenda Pansi M'sitima Zankhondo: Phunziro la ku Nkhotakota, 1893

Tsamba la mbiri la ulendo uno lakonzedwa makamaka chifukwa cha a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene akuphunzira za kubwera kwa ulamuliro wa atsamunda, koma makolo muwerenge nawo, pakuti nkhaniyi inachitikira pakhomo pathu pomwe. Tsiku limene kunja kwayera bwino, munthu akaima pamwamba pa phiri la Ntchisi amaiona nyanja ili mbee chakum'mawa. Zimene zinachitika pa nyanja imeneyo pakati pa 1891 ndi 1895 ndi zimene zinabweretsa boma, msonkho ndi malamulo atsopano kuno kumapiri.

Funso la phunziro lathu ndi ili: zinatheka bwanji kuti asilikali mazana ochepa chabe agonjetse mafumu amene anali ndi malinga olimba, mfuti zambiri ndi ankhondo masauzande? Mbali yaikulu ya yankho ili pa mtundu wina wa msilikali, amene anaphunzira kumenya nkhondo pamtunda koma amagona, kudya ndi kuyenda m'sitima.

Sitima imafuniranji msilikali woyenda pansi?

Sitima yankhondo ili ndi mphamvu ziwiri. Imayenda msanga usana ndi usiku osatopa, ndipo imanyamula mizinga yolemera imene anthu angavutike nayo pamapewa. Koma ili ndi malire. Ikhoza kuomba mudzi wa m'mbali mwa madzi mpaka nyumba kupsa, koma singalowe m'linga, singagwire mfumu, ndipo singakhale pamalo kulondera. Ikachoka, eni mudzi amatuluka kutchire n'kumanganso nyumba zawo.

Nawonso asilikali oyenda pansi ali ndi vuto lawo. Ulendo wautali umawafooketsa, chakudya ndi zipolopolo zimafuna amtengatenga ambiri, ndipo mbiri yoti nkhondo ikubwera imawatsogolera, kotero kuti adani amakonzeka kapena kuthawa.

Mukaphatikiza ziwirizi, vuto la wina limatha ndi mphamvu ya mnzake. Sitima imafikitsa msilikali ali wamphamvu, pamalo pamene sakumuyembekezera, ndipo msilikaliyo amatsiriza ntchito imene mzinga wayamba. Oyendetsa sitima, amene timawatcha amalinyero, ntchito yawo ndi injini, zingwe ndi nangula. Asilikali okwera nawo ali ndi ntchito zinayi: kulondera sitima ndi kusungitsa mwambo m'katimo, kuombera adani ndi mfuti ali m'sitima momwemo, kuthandiza pa mizinga, ndi kutsika kukamenya nkhondo pamtunda.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Cha m'ma 655, m'nthawi ya Khalifa Uthman, Asilamu anakumana ndi zombo za Aroma a ku Byzantium pa nkhondo yotchedwa Dhat al-Sawari. Popeza anazolowera nkhondo ya pamtunda, anayandikiza zombo zawo kwa adani n'kuzimangirira, ndipo anamenyana ndi malupanga ngati ali pabwalo. Anapambana.

Chitsanzo cha ku America, 1861 mpaka 1865

Nkhondo yapachiweniweni ndi nkhondo ya anthu a dziko limodzi okhaokha. Yodziwika kwambiri m'zaka za m'ma 1800 ndi ya ku America, pamene zigawo za kummwera zinadzipatula pofuna kusunga ukapolo. Anthu oposa 600,000 anafa. Zaka zake muzisunge, chifukwa ndi zomwezo zimene David Livingstone anafika ku Nkhotakota, mu 1861 ndi mu 1863, n'kupeza malonda a akapolo ali pachimake. Mu Januwale 1863 Abraham Lincoln analengeza kumasulidwa kwa akapolo a m'zigawo zoukirazo. Chaka chomwecho zombo zinali kuwolotsabe akapolo pa nyanja yathu.

Boma la kumpoto linali ndi gulu la asilikali a m'sitima lotchedwa Marines. Linali laling'ono, losafika anthu 4,000, pamene asilikali onse a kumpoto anaposa 2 miliyoni. Pa 15 Meyi 1862 sitima yotchedwa Galena inalowa mumtsinje wa James n'kuomberedwa koopsa pa Drewry's Bluff. Oomba mizinga ambiri ataphedwa, Kopolo John Mackie anatenga asilikali anzake n'kupitiriza kuomba mizingayo. Iye anakhala woyamba m'gululo kulandira mendulo yapamwamba ya dzikolo.

Pa mtsinje wa Mississippi zinthu zinafanana kwambiri ndi za kwathu kuno. Adani ankabisala m'mbali mwa mtsinje n'kumaombera sitima zodutsa. Boma linakhazikitsa gulu lotchedwa Mississippi Marine Brigade, lotsogozedwa ndi Alfred Ellet, la asilikali oyenda pansi, apakavalo ndi amizinga, onse okhala m'sitima. Akamva kuti pakutipakuti paombedwa mfuti, ankafika n'kutsika. Koma nthawi zambiri oomberawo ankakhala atathawa kale, ndipo mkwiyo unkagwera anthu wamba. Mu Meyi 1863 gululi linatentha tauni ya Austin.

Chitsanzo chachitatu ndi cha linga la Fort Fisher, limene linkateteza doko la Wilmington. Pa 15 Januwale 1865, sitima zitaliomba masiku awiri, amalinyero pafupifupi 1,600 ndi asilikali a m'sitima 400 anatsika kukalilanda. Amalinyerowo anali ndi malupanga ndi mfuti zam'manja, osazolowera nkhondo ya pamtunda, ndipo anabwezedwa, oposa 200 ataphedwa kapena kuvulala. Linga linagwa tsiku lomwelo, koma analilanda ndi asilikali enieni oyenda pansi amene analowera mbali ina. Apa tikuona kuti kudziwa kuyendetsa sitima ndi kudziwa kulanda linga ndi maluso awiri osiyana.

Nyanja yathu sitima zankhondo zisanafike

Tsopano tibwerere kwathu. Cha m'ma 1840, Mswahili wina dzina lake Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Iye ndi omutsatira ankadziona ngati oimira Sultan wa ku Zanzibar. Anabweretsa Chisilamu, kulemba m'zilembo za Chiarabu, ulimi wa mpunga, ndi luso lokhoma zombo za matanga. Koma chuma chawo chinachokera ku minyanga ya njovu ndi akapolo. Zombozo zinkawolotsa katundu ndi anthu kupita ku Losewa, tsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira. Pobwerera zinkabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga.

Tsidya lija, m'dera limene lero lili m'boma la Mangochi, kunali mfumu ya Chiyao yamphamvu, Makanjira, imene inalinso ndi zombo zake. Kumpoto, kufupi ndi Karonga, kunali Mlozi. Kuno kumapiri kunali Angoni a Chiwere ku Dowa, ndipo Achewa ambiri ankathawira m'nkhalango ya Ntchisi poopa nkhondo. Ena mwa anthu ogwidwa pa nkhondo za kumtunda kuno ankathera m'zombo za ku Nkhotakota.

Choncho mwini zombo ndiye anali mwini malonda, ndipo mwini malonda ndiye anali ndi onga. Nyanja yotalika pafupifupi makilomita 580 inali msewu waukulu wa dziko lino. Sitima yoyamba ya injini, Ilala, inalowa m'nyanjayi mu Okutobala 1875, koma inali ya amishoni, ndipo sinasinthe mwini msewuwo.

Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, ndipo Jumbeyo anayamba kulandira malipiro a chaka ndi chaka kuchokera kwa Angerezi. Mu 1890 mayiko a ku Ulaya anagwirizana ku Brussels zothetsa malonda a akapolo ndi kuchepetsa kugulitsa mfuti ndi onga mu Africa. Mu 1891 Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, Johnston n'kukhala kazembe. Koma kulengeza ndi pakamwa. Pa nyanja ankalamulabe ndi eni zombo.

Tsoka la sitima ya Domira, 1891

Johnston anaitanitsa asilikali ku India. Oyamba anali pafupifupi 70, motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire: 40 a mtundu wa Sikh ndi 30 Asilamu apakavalo ochokera ku Hyderabad. Akavalo sanakhalitse chifukwa cha matenda, choncho onse anakhala oyenda pansi. Sitima yankhondo pa nyanja panalibe, ndiye ankabwereka Domira, sitima yamalonda ya African Lakes Company, n'kuikamo mzinga umodzi. Dzinali mukulidziwa, chifukwa ndi lomwenso lili pa doko la Domira Bay, pamene kale katundu wobwera ku Dowa ankatsikira.

Chakumapeto kwa 1891 anamanga linga la Fort Johnston moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, kenaka anapita pa Domira kukaomba mudzi wa Makanjira n'kuutentha. Koma atachoka, Makanjira anali adakalipo ndi anthu ake.

Mu Disembala 1891 Maguire anamva kuti zombo ziwiri za Makanjira zabisidwa pa Kisungule. Anapita ndi asilikali ochepa, anatsika, n'kuwononga zombozo. Ankhondo a Makanjira anatulukira ali ambiri. Mphepo inavundula nyanja, boti lotsikira linawonongeka, ndipo Domira inatitimira pamchenga kufupi ndi gombe, pamene mfuti za gogodela zinkafika bwinobwino. Maguire anaomberedwa ali m'madzi, akuyesa kubwerera m'sitima, ndipo anafera pomwepo. Pambuyo pake dokotala Boyce ndi injiniya MacEwan anatsika kukakambirana za mtembo wake, nawonso anaphedwa. Otsalawo anakhala masiku angapo akuomberedwa asanaichotse sitimayo pamchenga.

Nkhaniyi ikuonetsa kuti nthawi yoopsa koposa kwa msilikali wa m'sitima ndi yotsika ndi yokwera. Pakati pa sitima ndi gombe alibe pobisala, ndipo moyo wake uli m'manja mwa mphepo, mchenga ndi woyendetsa. Ikuonetsanso kuti eni dziko sanali anthu ongoyang'ana. Makanjira anaidziwa nyanja yake, ndipo kwa zaka pafupifupi ziwiri Angerezi analephera kumuthyola.

Sitima zobwera pamutu

Imfa ya Maguire inachititsa boma la Britain kutumiza sitima zenizeni zankhondo. Kumunsi, pa Zambezi ndi Shire, kunali kale ziwiri, Herald ndi Mosquito, koma sizikanatha kukwera chifukwa cha mathithi a pakati pa Shire, amene lero timawadziwa ndi mayina a Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula. Choncho sitima zatsopano zinabwera zili zidutswazidutswa. Amtengatenga anazisenza kuchokera ku Chikwawa kukwera nazo mapiri mpaka kumtunda kwa mathithi, kumene zinalumikizidwa. Mu 1893 Adventure ndi Pioneer zinayamba kuyenda pa nyanja, pamene ina yaing'ono, Dove, inkayenda pa Shire wa kumtunda.

Chaka chomwecho kunabwera asilikali ena a Chisikh okwana 200, ndipo boma linalembanso Amakua a ku Mozambique ndi Atonga a m'mbali mwa nyanja. Sitima zankhondozo zinali zazing'ono, choncho pa ulendo waukulu asilikali ena ankakwera sitima zamalonda kapena maboti okokedwa pambuyo. Moyo wa m'menemo unali wothinana. Injini zinkayendera nkhuni, ndiye pamafunika kuima kawirikawiri kukatenga mitolo m'madoko. Mwera ukawomba, asilikali ochokera ku Punjab, kumene kulibe nyanja yotere, ankazunzika ndi chizungulire. Malungo nawo sankasankha mtundu.

Komabe kusintha kunali kwakukulu. Chombo cha matanga chimadikira mphepo. Sitima ya injini siidikira. Ulendo umene pansi ukanatenga masabata unkatha m'masiku owerengeka. Gulu limodzi lomwelo la asilikali linkatha kumenya nkhondo tsidya lino sabata ino, tsidya linalo sabata yamawa, ndipo kwa oliona linkaoneka ngati magulu ambiri.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Nkhotakota

Pamene izi zinkachitika, Jumbe Tawakali Sudi anali atakalamba, ndipo nyumba yake inali itang'ambika. Ubwenzi wake ndi Angerezi sunakondweretse ena mwa nduna zake, amene chuma chawo chinadalira malonda akale. Wamkulu wa oukirawo anali Chiwaura. Iye anamanga linga lolimba pa Kisamba, makilomita ochepa kuchokera kunyanja, anagwirizana ndi Makanjira, ndipo anayamba kugonjetsa ankhondo a Jumbe. Iyi inali nkhondo ya anthu a mudzi umodzi, odziwana mayina, ambiri a iwo opemphera moyang'ana Qibla imodzi.

Jumbe ataona kuti mpando ukumupulumuka, anadalira abwenzi ake atsopano. Chakumapeto kwa 1893 Johnston anafika pa doko la Nkhotakota ndi sitima zankhondo ndi asilikali ake. Yerekezani ndi zimene zinachitika pa Kisungule zaka ziwiri m'mbuyomo. Kumeneko asilikali anatsikira m'madzi, zipolopolo zikuwagwera. Ku Nkhotakota anatsika pa doko la bwenzi, popanda wowaombera, ndipo anapeza malo opumira ndi anthu odziwa njira. Gawo loopsa koposa la nkhondo ya m'sitima linachotsedwa ndi mwini mudzi.

Kuchoka apo anayenda pansi kukafika pa Kisamba. Mizinga inaomba linga, asilikali analowa, ndipo Chiwaura anaphedwa. M'lingamo munapezeka anthu ambiri ogwidwa ukapolo, ndipo anamasulidwa. Posakhalitsa asilikali omwewo anakweranso sitima, anawoloka nyanja, analanda mudzi wa Makanjira, ndipo ulendo uno sanachoke. Anamanga linga n'kulitcha Fort Maguire. Makanjira atabwera kudzalithira nkhondo kuchiyambi kwa 1894, anabwezedwa.

Nanga Jumbe anapindulanji? Mpando wake unapulumuka, koma kwa kanthawi kochepa. Iye anamwalira mu 1894. Wolowa m'malo mwake sanakhalitse: Angerezi anamuimba mlandu, anamuchotsa, n'kumutumiza ku Zanzibar. Ujumbe unathera pomwepo, ndipo Nkhotakota inakhala boma lolamulidwa ndi Mzungu. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kameneka kanameta Chiwaura, kenaka kanameta nyumba ya Jumbe yomwe.

Kuchokera kunyanja kukwera kumapiri

Chaka cha 1895 chinatsiriza ntchitoyi. Mafumu a Chiyao a kummwera, monga Kawinga, Matipwiri ndi Jalasi, anagonjetsedwa, ndipo Makanjira anathawira m'dera la Apwitikizi. Kenaka asilikali pafupifupi 400 ananyamulidwa kuchokera kummwera mpaka ku Karonga. Sitima za boma sizinakwane, ndiye anabwerekanso ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Mizinga inatsitsidwa n'kukokedwa mpaka pa linga la Mlozi. Lingalo linagwa, msilikali wa Chitonga, Sajeni Bandawe, anamugwira Mlozi m'chipinda chapansi, ndipo anapachikidwa pa 4 Disembala 1895. Kwa zaka zingapo m'mbuyomo, kuyambira 1887, azungu a kampani ya malonda anali atalimbana ndi Mlozi osamutha. Asilikali obwera pa sitima anamutha m'masiku ochepa.

Mwezi womwewo nkhondo inakwera kumtunda. Saidi Mwazungu, amene ankaimbidwa mlandu wa imfa ya Boyce ndi MacEwan, anali atathawira kwa Mwase ku Kasungu. Alfred Swann, woimira boma ku Nkhotakota, anatsogolera asilikali pamodzi ndi ankhondo ambiri a m'deralo kupita ku Kasungu. Mudzi wa Mwase unalandidwa, ndipo mfumuyo inasankha kudzipha m'malo mogwidwa.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Dowa ndi Ntchisi. Sitima sinakwerepo phiri, koma doko likagwa, njira zonse zochokera padokopo zimatseguka. Onga ndi mfuti zimene zinkafika kumtunda kudzera ku Nkhotakota zinasiya kubwera. Mafumu a kuno, kuphatikizapo Chiwere amene anali atalandira kale amishoni ku Mvera mu 1889, anaona zimene zinagwera anzawo, ndipo anadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'zaka zotsatira maboma anatsegulidwa kumtunda, msonkho wa nyumba unafika, ndipo amuna anayamba kupita kukagwira ntchito kutali kuti apeze ndalama ya msonkhowo.

Kodi m'sitimamo munali ndani?

Mabuku ena amaifotokoza nkhaniyi ngati nkhondo ya azungu ndi Aarabu, kapena ya Akhristu ndi Asilamu. Wophunzira wabwino ayang'ane mayina. Azungu anali ochepa kwambiri, makamaka atsogoleri. Amene ankatsika m'maboti ndi kukwera makoma a malinga anali Asikh, Amakua, Atonga, anthu a ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake Ayao. Asilamu analipo mbali zonse ziwiri. Apakavalo a ku Hyderabad anali Asilamu. Ali Kiongwe, womasulira ndi kapitawo wodalirika wa Johnston, anali Mswahili. Jumbe anali Msilamu, Makanjira ndi Mlozi chimodzimodzi. Mbali inayo, Mwase wa ku Kasungu sanali Msilamu, koma nkhondo inamupeza. Chimene chinkalimbiranidwa chinali ulamuliro wa njira za malonda ndi wa dziko.

Pali zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzinena pamodzi, osabisa chimodzi. Choyamba, malonda a akapolo anali nkhanza yaikulu, ndipo ena mwa amene anabweretsa Chisilamu m'mbali mwa nyanja analemera nawo. Kuba mwana kumunda n'kumugulitsa ndi nsalu sikungaikiridwe kumbuyo ndi chipembedzo chathu, chimene m'Surat Al-Balad chimaika kumasula kapolo pakati pa ntchito zapamwamba. Anthu amene anatuluka m'linga la Chiwaura anapulumukadi, ndipo zidzukulu zawo zili pakati pathu. Chachiwiri, sitima zomwezo zimene zinatseka njira ya akapolo zinatsegula njira ya utsamunda. Midzi inatenthedwa, anthu osalakwa anafa, mafumu analandidwa mphamvu, ndipo dziko linalamulidwa ndi alendo mpaka 1964. Pa mayeso, yankho lotchula mbali imodzi yokha ndi yankho latheka.

Asilikali aja sanabalalike nkhondo zitatha. Mu 1896 anakhala gulu la Central African Rifles, limene mu 1902 linalowa mu King's African Rifles, kholo la asilikali a Malawi a lero. Njira yonyamula asilikali pa sitima inagwiranso ntchito pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inaombera Hermann von Wissmann, yomwe ija inathandiza pa nkhondo ya Mlozi, ili pagombe ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania. Mzinga wa Guendolen ulipo mpaka pano ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo lero gulu la asilikali apamadzi a dziko lino lili ku Monkey Bay.

Zoti titolepo

Tisanamizane kuti Jumbe ndi Chiwaura akanagwirizana ndiye kuti atsamunda sakanabwera. Mlozi sanaitane mlendo aliyense, koma anagwa. Mphamvu ya injini, mizinga ndi mfuti zatsopano inali yaikulu. Chimene kugawikana kunachita ndi kutsitsa mtengo wa kugonjetsako. Pa Kisungule, pamene gombe linali lotsekedwa, Angerezi anataya mtsogoleri wawo ndipo anadikira zaka ziwiri. Pa Nkhotakota, pamene mwini mudzi anatsegula doko chifukwa cha mkangano wa m'nyumba, anatsika mosavuta, ndipo pasanathe zaka ziwiri mudziwo unali wawo. Wopambana pa nkhondo ya Jumbe ndi Chiwaura sanali Jumbe kapena Chiwaura.

Izi si za mafumu akale okha. Mkangano wa malire a munda, wa ufumu, wa ndalama za sukulu kapena wa utsogoleri wa mzikiti ukafika poti mbali imodzi yathamangira kwa wamphamvu wakunja kuti aphwanye inzake, wobwerayo amadza ndi zofuna zake, ndipo sabwerera tsiku limene mwamuuza. Surat Al-Hujurat imalamula okhulupirira kuyanjanitsa magulu awiri a abale amene akumenyana, ndi kutero mwachilungamo. Mbiri ya ku Nkhotakota ikutionetsa mtengo wa kuchedwa kuchita zimenezo.

Mafunso obwereza

1. Tchulani ntchito zinayi za asilikali oyenda pansi akakhala m'sitima yankhondo.
2. Fotokozani chifukwa chimene amalinyero analepherera pa Fort Fisher pamene asilikali oyenda pansi anapambana.
3. Kodi gulu la Alfred Ellet pa Mississippi likufanana bwanji ndi asilikali a Johnston pa nyanja ya Malawi? Perekani mfundo ziwiri.
4. N'chifukwa chiyani Adventure ndi Pioneer zinabwera zili zidutswa?
5. Yerekezani kutsika kwa asilikali pa Kisungule mu 1891 ndi kutsika kwawo pa Nkhotakota mu 1893. Chinasiyana n'chiyani, ndipo chifukwa chiyani?
6. Lembani ndime ziwiri, ina yofotokoza zabwino, ina zoipa, zimene sitima zankhondo zinabweretsa kwa anthu a ku Dowa ndi Ntchisi.

Ntchito ya kunyumba

Jambulani mapu a nyanja ya Malawi ndipo muikepo Karonga, Nkhotakota, Domira Bay, Fort Maguire, Fort Johnston, Kasungu, Dowa ndi Ntchisi. Lembani chaka pambali pa malo alionse amene atchulidwa ndi chaka m'phunziroli. Kenaka khalani pansi ndi agogo kapena wamkulu wina wa m'mudzi mwanu, muwafunse kumene makolo anu anali pa nthawi ya nkhondo zimenezi: kunyanja, m'linga, kapena m'phiri? Lembani zimene akuuzeni monga momwe anenera, osawonjezera, ndipo mubwere nazo m'kalasi sabata yamawa, Insha Allah. Makolo, chonde apatseni anawa nthawi yocheza nanu.